Gogo anabwera atakalamba kale: mmene mungalerere galu wotopa ndi kuswa

Gogo tinamulandira mu Juni, chiperoni chitaphimba phiri la Zomba mpaka Ku Chawe osaoneka. Anali galu wamkazi wa makutu oimirira, aja timangoti agalu a polisi, ndipo moyo wake wonse anakhala m'khola la waya kuseri kwa nyumba ina. Ntchito yake inali kuswa basi. Ana a agalu otere ndi aja anyamata amanyamula m'manja m'mbali mwa msewu n'kumaonetsa a m'galimoto. Bere la galu limatenga masiku pafupifupi 63, ndipo galu amatha kufuna mwamuna kawiri pachaka, ndiye werengani nokha. Atayamba kuswa ana awiri kapena mmodzi, mwini wake anati akungomuthera ufa. Mlamu wanga, yemwe amamanga mpanda pakhomopo, anamubweretsa kwathu ku Matawale pa wilibala chifukwa kuyenda pa chingwe sankakudziwa. A vetenale atamuona mano anati wapitirira zaka 8. Tinakhala naye zaka 3. Dzinali anamupatsa ndi ana, poona kayendedwe kake.

Ngati mwapatsidwa galu wotere, sabata yoyamba musiyeni. Musamusambitse, musaitane aneba kudzamuona, ndipo ana muwauze kuti manja kumbuyo. Mupezereni pakona pabata, pakhonde la kuseri kapena m'kachipinda ka makala, poti aziona anthu koma anthu asamamudutse. Ikani chakudya ndi madzi, inu chokanipo. Gogo anatha masabata atatu asanadye ine ndikuona. Ndinkangomva mbale ikulira usiku. Mukafuna kuti akuzolowereni, khalani pansi chapatali, mutamupatsa mbali, muzisenda mbatata kapena kusankha nyemba. Musamuyang'anitsitse m'maso ndipo dzanja lisadzere pamwamba pa mutu wake, chifukwa kwa iye dzanja lochokera kumwamba limabwera kudzatenga ana kapena kudzamenya. Geti likhale lotseka nthawi zonse. Galu wamantha akatuluka sabwerera, poti sanadziwe kuti pano ndi kwawo.

Muona zinthu zodabwitsa, musati wapenga. Tsiku loyamba kuponda kapinga, Gogo ankatukula miyendo umodziumodzi ngati waponda makala a moto. Pabwalo lonse lija ankangozungulira kamalo kakang'ono, kofanana ndendende ndi khola lake lakale. Ankadzithandiza pomwe wagona, chifukwa m'khola mulibe kwina. Pamenepa musakalipe. Mutulutseni m'mawa, akangodya, ndiponso musanagone, malo amodzimodzi. Kwa ife zinatenga miyezi iwiri ndi matsache angapo.

Za chipatala musazengereze. Agalu a m'makola otere kawirikawiri alibe khadi la katemera, choncho yambani ndi wa chiwewe. A Mission Rabies, omwe anayamba kubaya agalu ku Blantyre mu 2015, amafikanso kuno ku Zomba ndipo katemera wawo ndi waulere, koma musadikire kampeni. Pitani ku ofesi ya vetenale, mukapemphenso mankhwala a njoka za m'mimba. Nkhupakupa muzizifuna m'makutu ndi pakati pa zala. Tukulani mlomo muone nkhama: zikakhala zotuwa m'malo mofiira, galu akukana kudya, mkodzo wada, thamangani, matenda a nkhupakupa amapha msanga. Galu wofooka musathamangire naye kudibi musanafunse a vetenale. Zikhadabo za Gogo zinali zitapindika mpaka kulowa m'mapazi, poti sanayendepo pa nthaka yoti ziperepeseke. Zimenezo musadule nokha ndi lumo, mkati muli mtsempha.

Kwa galu wamkazi woswa kwambiri pali zina ziwiri zomwe ambiri sitizidziwa. Muzimusisita mawere kamodzi pa sabata, akakulolani, kufufuza timibulu tolimba. Ndipo akatha nyengo yofuna mwamuna, m'masabata otsatirawo muzimuyang'anitsitsa. Akayamba kumwa madzi mosalekeza, kufooka, kapena kutuluka mafinya kumaliseche, ndiye kuti chiberekero chagwidwa matenda, ndipo nkhani imeneyo si yoti mawa. Zomutseka kuti asaswenso, adokotala ndiwo aone ngati thupi lake lingapirire opaleshoni. Gogo anamutseka atanenepako, patatha miyezi inayi, ndipo agalu a m'dera lonse anasiya kugona pageti pathu.

Pa chakudya ndi pomwe ndinalakwitsa. Chifundo chinandipweteketsa: tsiku lachiwiri ndinamuunjikira nsima yotsala ndi msuzi wa nyama, mbale yodzaza. Anasanza zonse. Mimba yozolowera njala imafuna pang'onopang'ono, katatu kapena kanayi patsiku. Mano ake akutsogolo anali ataperepeseka ndi kutafuna waya, ndiye chomwe chinatithandiza ndi phala la mgaiwa lolimbirako, losakaniza ndi bonya wosinja, dzira lowiritsa masiku ena, ndi maungu ophika ikakhala nyengo yake. Matemba a ku Chilwa ankawakonda, koma ndinkawaviika kaye kuti afewe. Ndiwo zotsala za anyezi wambiri musamupatse, anyezi amawononga magazi a galu. Mafupa a nkhuku ophika amasweka n'kukhala ngati singano. Ndipo akamatsimphina, Panado ndi Brufen zisiyeni m'kabati. Ndi mankhwala a anthu, galu angathe kufa nawo.

Kuzizira kwa Zomba kuno mu Juni ndi Julaye kumalowa m'mafupa a galu wokalamba ngati mmene kumachitira ndi agogo athu. Asagone pa simenti. Ife tinayala makatoni, pamwamba thumba, kenako bulangeti lakale la ana. Kuyenda kukhale kwakufupi, dzuwa likatuluka. Gogo ankafika pa mjigo n'kukhala pansi, ndiye kuti ulendo wathera pomwepo.

Chimene ndikufuna mumvetse ndi chakuti galu ameneyu sadzakulonderani nyumba. Ngati mukufuna mlonda, musamutenge, mungomuzunza kawiri. Mayi wina woyandikana nafe ankandifunsa pampanda kuti, "Koma aneba, galu wosauwayu mukumudyetseranji?" Ndinalibe yankho loti angalimve. Gogo anauwa koyamba patatha miyezi 7, kuuwa tambala wa mayi yemweyo, ndipo anadzidzimuka ndi mawu akeake n'kuthawira kukhitchini. Mwana wanga wamng'ono anabwera akuthamanga: "Amama, Gogo wayankhula!"

Galu wobwera atakalamba simukhala naye nthawi yaitali, choncho za mapeto ganiziranitu. Mujambuleni akadali bwino, ndipo chithunzi chimodzi mukachitsukitse m'tauni. Zanga zambiri zinapita ndi foni yomwe inagwera m'ndowa. Akafika poti sakudzuka, sakudya, akulira usiku, funsani a vetenale za jekeseni yomugoneka. Gogo miyendo yakumbuyo inakana, tinamunyamula pa chitenje masabata awiri, ndipo ndikuona kuti sabata yachiwiriyo tinkachitira ife, osati iye.

Musamutaye kudzala kapena mumtsinje wa Likangala. Kumbani dzenje lakuya, lopitirira mita imodzi, kutali ndi chitsime, ndipo pamwamba muunjikepo miyala. Mankhwala a jekeseni ija amatsala m'thupi, galu wina akafukula n'kudya akhoza kufa. Ana muwalole aone, aponyeko dothi ngati akufuna. Anthu aseka, ena anena kuti mwachita maliro a galu. Bambo a kunyumba kuno, omwe poyamba ankati ndabweretsa mtembo pa wilibala, ndi amene anakumba dzenjelo, ndipo anakana kuti mnyamata waganyu awathandize.

Pambali pa miyalayo tinadzala peyala, chapatali pang'ono kuti mizu ipeze dothi labwino. Khadi lake la katemera lili m'chikwama momwe ndimasunga makadi a sikelo a ana. Mbale yake ya malata, yopindika mbali imodzi momwe ankaikankhira kukhoma, sindinathe kuitaya kapena kupatsa galu wina. Ili pansi pa peyalayo, mukumwera nkhuku, pamodzi ndi tambala uja akadumpha mpanda.