Musanalembe kosi ya zamakompyuta pa fomu ya NCHE

Zotsatira za MSCE zikatuluka, ana ambiri a ku Luchenza, Bvumbwe, Chitakale ndi Muloza amalemba pa fomu ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, kosi iliyonse yomwe ili ndi dzina la kompyuta, poganiza kuti zonse n'chimodzimodzi. Ayi ndithu. Madigiriwa amasiyana pa zomwe muzichita tsiku ndi tsiku kwa zaka 4, ndipo chowasiyanitsa chachikulu ndi masamu.

Yambani ndi satifiketi yanu. Kuti mulowe yunivesite yaboma pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo makosi a zamakompyuta amafunanso kirediti ya masamu. Komatu wopeza 6 pa masamu ndi wopeza 2 sayenera kusankha mofanana, ngakhale onse aloledwa kulemba fomu.

Computer Science, monga ya ku UNIMA ku Zomba, ndi ya munthu amene masamu samuopsa. Zaka ziwiri zoyamba mumakumana ndi calculus, masamu a logic, kakonzedwe ka deta m'kompyuta, ndi kuyeza kuti njira iyi yothetsera vuto imathamanga bwanji poyerekeza ndi ija. Kulemba mapulogalamu kulipo kwambiri, koma kwakhazikika pa masamuwo. Ogwa m'chaka choyamba kawirikawiri ndi omwe anabwera akuyembekeza kuphunzira Word, Excel kapena kukonza mafoni. Kosiyi si ya zimenezo.

Kwathu konkuno, MUST ya ku Ndata ku Thyolo, yomwe inatsegulidwa mu 2014, ili ndi Computer Systems and Security komanso Business Information Technology. Yoyambayo achinyamata amaithamangira chifukwa chomva nkhani zothyola makompyuta a eni. Ntchito yake yeniyeni ndi yofuna kudekha: kumvetsa netiweki, kuzolowera Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta, monga Windows), kubisa uthenga pogwiritsa ntchito masamu, ndi kufufuza pomwe akuba alowera. Ndipo kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016.

Business Information Technology ya ku MUST ndi Information Systems ya ku MUBAS ambiri amazipeputsa, koma n'kulakwa. Taganizani za esiteti ya tiyi: makilo a masamba a wothyola aliyense amalembedwa pasikelo, n'kusanduka malipiro, ochotsedwa msonkho ndi ngongole, popanda kusowa tambala. Womanga ndi kusamalira dongosolo lotere ayenera kudziwa database (nkhokwe ya deta m'kompyuta), kauntini ndi kayendetsedwe ka kampani, komanso kumvana ndi akalaliki ndi mamanijala. Masamu ake ndi opepukirapo. Ngati mumakonda anthu ndi bizinesi kuposa kukhala nokha pakompyuta, yanu ndi imeneyi.

Information Technology ya ku MUBAS ndi ICT ya ku Mzuni zimapendekera ku maseva, manetiweki ndi kusamalira makina a bungwe. Za uinjiniya, monga Electronics and Computer Engineering ya ku MUBAS, zimatenga zaka 5 ndipo popanda fizikisi yolimba musayerekeze.

Dzina la kosi lisakukwanireni. Pezani mndandanda wa maphunziro ake pa webusaiti ya yunivesiteyo, muwerenge kuti a masamu alipo angati m'chaka choyamba ndi chachiwiri, olemba mapulogalamu alipo angati, ndipo ophunzira amapita liti kukayeserera ntchito kukampani. Mukapeza wophunzira wa chaka chachitatu, mufunseni ngati makompyuta a mulabu amakwanira. Kenako dziyeseni nokha: ikani Pydroid 3 pafoni ya Android, mulembe m'chinenero cha mapulogalamu cha Python kapulogalamu kowerengetsa malipiro a wothyola tiyi pa sabata. Kadzakana kuyenda chifukwa cha kadontho kamodzi koiwalika. Mukatha ola mukusakasaka cholakwikacho osanyansidwa, ntchitoyi muitha.

Polemba fomu, ikani pamwamba kosi yomwe mukuifunadi, koma musadzaze malo onse ndi makosi olimbiranidwa kwambiri, chifukwa mapointi anu akapelewera pang'ono mutsala opanda malo. Kuyandikira kwa MUST kumapulumutsa ndalama za thiransipoti, inde, koma si chifukwa chokwanira chotengera kosi yosagwirizana nanu. Makolo, apa musakakamize mwana. Ngati mukuganiza za yunivesite yomwe si yaboma, onani mndandanda wa NCHE ngati kosi imeneyoyo inavomerezedwa, osati sukulu yokha, poti sukulu itha kukhala yovomerezeka kosi ina isanavomerezedwe.

Ngongole ya HESLGB, bungwe laboma lobwereketsa ndalama ophunzira, sibwera yokha mukasankhidwa. Ili ndi fomu yakeyake ndi tsiku lake lotsekera, ndipo idzabwezedwa. Konzekeraninso laputopu: RAM ya 8GB, SSD ya 256GB ndi purosesa ya Core i5 n'zokwanira, ngakhale ya kaunjika. Otenga za chitetezo ayesetse 16GB, chifukwa amayendetsa Linux mkati mwa Windows nthawi imodzi. Musanalipire, izuleni kumagetsi muone ngati batire ikupirira maola awiri kapena atatu, poti magetsi akazima ntchito ya m'kalasi sidikira.