Kutenthetsa ndi kuziziritsa nyumba pogwiritsa ntchito nthaka: malangizo kwa okhala ku Johannesburg

Mzinda wa Johannesburg uli pamalo okwera pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo n'chifukwa chake m'miyezi ya June ndi July kuzizira kwa usiku kumaposa ngakhale kwa ku Dedza, moti masiku ena m'mawa udzu umapezeka utayera mbuu ndi chisanu. Nyumba zambiri za kuno zinamangidwa mosaganizira kuzizira koteroko, choncho anthu amathawira ku mahita a magetsi, a gasi kapena a palafini, pamene ena amalowetsa mbaula m'chipinda chotseka, mchitidwe umene umapha anthu ali m'tulo chifukwa mpweya woipa wa makala sununkha. Malangizo ano akupita kwa abale athu amene ali ndi nyumba zawozawo, atsogoleri a mipingo amene akulingalira zomanga tchalitchi, komanso amisiri omanga, mapulambala ndi osamalira nyumba zosanjikizana, amene mabwana awo angawafunse maganizo pa makina otchedwa heat pump otenga kutentha pansi pa nthaka.

Mukakumba mamita angapo, kutentha kwa nthaka sikusinthasintha ngati mmene kumachitira kunja kuno. Kumakhala pafupi ndi pakatikati pa kutentha kwa chaka chonse, komwe kwa Johannesburg ndi madigiri pafupifupi 16. Tsono m'nyengo yozizira nthakayo imakhala yofunda kuposa mphepo ya panja, ndipo m'nyengo yotentha imakhala yozizirirapo. Amisiri amakwirira mapaipi olimba a pulasitiki, n'kuwadzaza ndi madzi osakaniza ndi mankhwala oletsa kuundana, ndipo kapampu kakang'ono kamayendetsa madziwo kuchoka m'nthaka kupita ku makina ali m'nyumba, n'kubwereranso. Makinawo amagwira ntchito ngati firiji, imene imachotsa kutentha m'kati n'kukutayira kumbuyo kwake: kompresa imasonkhanitsa kutentha kochepa kochokera m'nthaka n'kukukweza kufika pa mlingo wofunditsa chipinda kapena madzi osamba. Ikafika nyengo yotentha ntchitoyo imatembenuzidwa, kutentha kwa m'nyumba n'kumene kumakatayidwa pansi.

Phindu lake limaonekera pa mita. Hita wamba ikadya yuniti imodzi ya magetsi imapereka yuniti imodzi ya kutentha, pamene makinawa amapereka mayunitsi atatu kapena anayi, chifukwa magetsiwo sakupanga kutentha koma akungokusamutsa. Hita ya makilowati awiri ikayaka maola asanu yatha mayunitsi 10, koma kutentha komweko makinawa angakupereke ndi mayunitsi pafupifupi atatu. Njirayi inayesedwa kale m'dziko lino: Hotel Verde ya pafupi ndi bwalo la ndege la Cape Town, imene inatsegulidwa mu 2013, ili ndi maenje 100 okwiriramo mapaipi oterewa.

Mapaipi amakwiriridwa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuwagoneka m'ngalande zakuya mita imodzi ndi theka kapena awiri, ndipo yachiwiri ndi kuwaimiritsa m'maenje obowola ndi makina a mjigo, amene nthawi zambiri amafika mamita 50 mpaka 150. Ngalande ndi zotsika mtengo, koma zimafuna bwalo lalikulu, chinthu chosowa ku Rosettenville, Yeoville kapena Hillbrow. Palinso vuto lina limene amalonda sakonda kulitchula: mvula ya kuno imagwa m'nyengo yotentha, ndipo pofika July dothi la pamwamba limakhala litauma gwa. Dothi louma silipereka kutentha msanga ngati lachinyezi, kutanthauza kuti ngalande zimafooka pa nthawi imene mukuzifuna kwambiri. Pa chifukwa chimenechi, m'tauni muno ine ndimalimbikitsa maenje obowola, malinga ngati mwala wa pansipo ukulola.

Apa m'pamene pagona nkhani, chifukwa pansi pa Johannesburg sipafanana ponseponse. Kumpoto, cha ku Randburg, Sandton ndi Midrand, kuli mwala wa granite, ndipo m'zitunda zodutsa pakati pa mzinda muli quartzite. Miyala iwiri yonseyi imayendetsa bwino kutentha, ngakhale kuti kuibowola kumadya nthawi ndi ndalama. Koma kumwera, cha ku Lenasia ndi mbali zina za Soweto, ngakhalenso ku Katlehong, Vosloorus, Centurion ndi Carletonville, kuli dolomite, mwala umene umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi n'kusiya mapanga osaoneka. Madzi akamalowa pansi mosalekeza, kapena madzi a pansiwo akapopedwa n'kutsika, nthaka imatha kutitimira mwadzidzidzi. Mu 1962, pa mgodi wa West Driefontein pafupi ndi Carletonville, nyumba yophwanyira miyala inamezedwa ndi dzenje lotere ndipo anthu 29 anamwalira. Pa malo a dolomite musalole munthu kuyamba kubowola musanalandire lipoti la katswiri wa za miyala, ndipo bungwe la Council for Geoscience ku Pretoria ndi limene limasunga mapu ndi mbiri ya malo amenewa. Katswiriyo akakana, musamukakamize kapena kusaka wina woti avomere.

Kuwonjezera pa dolomite, mzindawu unamangidwa pamwamba pa migodi ya golide imene inayamba kukumbidwa mu 1886, ndipo kumwera kwa pakati pa tauni kuli mikwita yakale, ina yosaya kwenikweni, ina yodzaza ndi madzi a asidi. Kubowola pamalo otero kungawononge makina, kungatsegule njira yoti madzi oipawo asakanikirane ndi abwino, ndiponso dzenje lodutsa m'phanga lopanda kanthu silipereka kutentha koyenera. Pansi pomwepo pali mapaipi a Johannesburg Water, nthambo za City Power, mapaipi a gasi ndi njanji ya Gautrain. Mu February 2025 sitima za Gautrain zinaimitsidwa pakati pa Park Station ndi Rosebank anthu obowola chitsime popanda chilolezo ku Killarney ataboola denga la njira ya sitimayo. Choncho chilolezo cholembedwa cha khonsolo ya mzinda chizitengedwa makina asanafike pabwalo, ndipo wokhala m'nyumba za m'mpanda umodzi ndi anzake afunsenso komiti ya eni nyumbazo.

Pali mtundu wina wa makinawa umene umapopa madzi a pansi enieniwo, kuwadutsitsa m'makina n'kuwabwezera m'chitsime china. Umenewu umagwera pansi pa lamulo la madzi la 1998, ndipo ndi miyala imene tafotokozayi sindiuona kuti ndi woyenera banja kapena mpingo. Sankhani wa mapaipi otseka, amene madzi ake amangozungulira m'kati osakhudzana ndi nthaka.

Tisanamizane: njirayi si ya aliyense. Ndalama zambiri zimathera pobowola, ndipo zimabwerera pang'onopang'ono kudzera mu mayunitsi opulumutsidwa. Nyengo yotentha ya kuno siifika poipa ngati ya ku Nsanje kapena ku Chikwawa, ndipo yozizira imatenga miyezi itatu kapena inayi basi, motero nyumba yaing'ono siigwiritsa ntchito makinawa mokwanira kuti abweze mtengo wake msanga. Kwa nyumba yotere, heat pump yotenga kutentha mu mphepo ya panja, kapena giza ya dzuwa, ndi yokwanira. Amene amapindula ndi nyumba zikuluzikulu zofuna madzi otentha chaka chonse, monga malo ogona alendo, nyumba zosanjikizana, masukulu ogonera komweko ndi zipatala, makamaka zikaganiziridwa maziko asanakumbidwe, chifukwa maenjewo angathe kukhala pansi pa malo oimikapo magalimoto. Malamulo a zomangamanga a SANS 10400-XA, amene anayamba kugwira ntchito mu 2011, amafuna kuti theka la madzi otentha m'nyumba yatsopano litenthetsedwe ndi njira ina osati giza wamba ya magetsi, ndipo makinawa amakwaniritsa zimenezo. Amene muli pa lendi, nkhaniyi ndi ya mwini nyumba. Inu tsekani mipata ya m'zitseko ndi m'mawindo.

Ngakhale mwini nyumbayo ayambire pomwepo. Ayale zotchinjiriza kutentha pamwamba pa siling'i asanaitane wobowola, chifukwa nyumba yosataya kutentha imafuna makina ang'ono ndi maenje ochepa. Pa nyumba yaikulu, pemphani kuti pabowoledwe dzenje limodzi loyesera, limene amaliyeza kwa masiku awiri kapena atatu kuti adziwe mmene mwalawo ukuyendetsera kutentha. Maenje atalikirane mamita osachepera asanu kuti asalandane kutentha, ndipo lililonse limatidwe ndi phala la bentonite, dongo lofufuma likanyowa, kuyambira pansi mpaka pamwamba, osati kungobwezeramo dothi lofukulidwa. M'nyumbamo, mapaipi oyala pansi pa matayilosi ndi amene amagwirizana bwino ndi makinawa, chifukwa amangofuna madzi ofunda madigiri pafupifupi 35. Kumbukiraninso kuti magetsi akazima kompresa imaimanso, choncho amene ali ndi sola kapena jenereta afunse ngati zingakwanitse kuidzutsa, ngakhale kuti simenti imene yafunda kale imasunga kutentha kwa maola angapo.

Osamalira nyumba, ntchito yanu si yolemetsa koma ndi yofuna maso. Makina akamayenda m'nyengo yozizira, gwirani mapaipi awiri olowa pansi: yobwera kuchokera m'nthaka iyenera kukhala yofundirapo ndi madigiri ochepa kuposa yobwerera. Yang'anani geji ya mphamvu ya madzi mwezi uliwonse, ndipo singano ikamatsika musamangowonjezera madzi a pampopi, chifukwa mukusungunula mankhwala oletsa kuundana aja komanso mukubisa kudontha, kumene pa dolomite n'koopsa. Itanani amisiri. Makina a m'nyumba amatha zaka 20 kapena kupitirirapo, pamene mapaipi a pansi angafike zaka 50, ndiye kuti adzadutsa m'manja mwa eni nyumba ndi ogwira ntchito angapo. Musamalize kulipira wokwirira asanakupatseni mapu osonyeza pamene padutsa paipi iliyonse ndi kuya kwake, ndipo pepala lina likhomedwe pakhoma la chipinda cha makina kuti wosamalira maluwa alione asanadzale mtengo kapena kukumba dzenje la mpanda.