Momwe mungayendere ulendo woyamba wa pa galimoto ku Zambia ndi banja, kuchokera kuno ku Mchinji

Ife a ku Mchinji dziko la Zambia sitiliona ngati lachilendo. Ambirife tinafikako ku Chipata pa takisi, ena tili ndi azakhali ku Katete, ndipo mwezi wa Ogasiti ukafika timadzazana m'malole kupita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Chilankhulo ndi chomwechi, nsima ndi yomweyi, galimoto nazo zimayenda mbali ya kumanzere ngati kwathu kuno. Kuzolowerana kumeneku n'kumene kumatipusitsa. Munthu amaganiza kuti angoliza galimoto, kukweza ana, n'kumapita ngati akulowera ku Kamwendo. Koma kuwoloka malire wekha ndi kachikwama n'kosiyana kwambiri ndi kuwoloka ndi galimoto yako, akazi ako ali pambalipa, ana ali kumbuyo. Ine ndinayenda ulendo wotere pa holide ya ana kupita ku Lusaka, ndipo zomwe ndalemba pano ndi zomwe ndikanakonda wina akanandiuza ndisananyamuke.

1. Yambani ndi mapepala, kukadali masabata angapo

Aliyense wa m'galimotomo akhale ndi pasipoti yake, ngakhale khanda. Mmalawi safunika viza kuti alowe m'dziko la Zambia, koma tsegulani pasipoti iliyonse muone tsiku lothera ntchito. Ndi bwino itakhala kuti yatsala ndi miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Ngati mwatenga mwana wa achimwene anu, kapena kholo limodzi latsala kunyumba, nyamulani kalata yosainidwa yovomereza kuti mwanayo apite, pamodzi ndi chiphaso chake chobadwira.

Galimoto nayo ili ndi mapepala ake, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amabwezedwera. Bulu buku ikhale yeniyeni, osati fotokope yokha, ndipo dzina lomwe lili mmenemo likhale lanu. Ngati galimoto munagula kwa munthu koma simunasinthe umwini, pitani ku Road Traffic mukakonze zimenezi kaye. Ngati ndi yobwereka, ya kuntchito, kapena ya ngongole ya kubanki, mwini wakeyo akulembereni kalata yokulolani kuitulutsa m'dziko, yodindidwa bwinobwino. Pitaninso kupolisi, ku nthambi ya Interpol, mukatenge chikalata chosonyeza kuti galimotoyo si yakuba. Amayang'ana nambala ya injini ndi ya chasisi, choncho muzionere nokha kuti zikufanana ndi za m'bulu buku musanapite. COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, isakhale yotha. Laisensi yathu ya khadi, ya mtundu wa SADC ija, imagwira ntchito ku Zambia.

Inshuwalansi yomwe mumayendera kuno imathera pa malire. Funsani kampani yanu za COMESA Yellow Card, yomwe imakutetezani mukavulaza munthu kapena kuwononga katundu wa ena m'mayiko omwe ali mu ndondomekoyi, ndipo Malawi ndi Zambia onse alimo. Mukapanda kuitenga kuno, mudzayenera kugula inshuwalansi ya ku Zambia pa boda. Ine ndimakonda kutengeratu, chifukwa pa boda mutu umakhala wodzaza kale ndi zina.

Zonsezi pangani mafotokope awiriawiri, muike m'envelopu imodzi, ndipo envelopuyo isunge munthu mmodzi.

2. Galimoto ione makaniko

Mabuleki, matayala, madzi a m'rediyeta, oilo, nyali zonse. Sipeya ikhale ndi mpweya, jeke ndi sipanala ya matayala zikhalemo. Apolisi a pamsewu a ku Zambia amafunsa ma triangle awiri, chozimitsira moto, komanso timapepala tonyezimira tomata pa bampala, toyera kutsogolo ndi tofiira kumbuyo. Timeneti n'totchipa, gulani mumate muli kunyumba. Malamba a kumbuyo komwe kukhale ana muwayese ngati akugwira.

3. Ndalama ndi foni

Kwacha yathu ndi kwacha ya ku Zambia zimangofanana dzina. Ya kumeneko ndi yamphamvu kwambiri kuposa yathu, moti mtengo ukaoneka waung'ono pa shelefu musafulumire kukondwa, werengani kaye m'ndalama zathu. Popeza ndalama zakunja zimavuta kupeza m'mabanki athu, yambani kufunsa msanga. Pa boda mudzapeza anyamata ogwira mitolo ya ndalama akukuitanani kuti "bwana, tisinthe." Malangizo anga ndi oti musinthire ku banki kapena ku malo ovomerezeka ndi kusunga lisiti. Mukhale ndi kwacha ya ku Zambia yokwanira zolipira za pa boda ndi za pamsewu, ndipo ina ikhale ing'onoing'ono.

Za foni ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi imene idzakulondolereni njira. Mukangodutsa malire pang'ono, netiweki ya kwathu imayamba kuzimirira. Choncho mukadali kunyumba komwe intaneti ikugwira, tsegulani Google Maps, sankhani dera lonse kuyambira ku Mchinji mpaka komwe mukupita, mulisunge m'foni kuti mapu azioneka ngakhale popanda intaneti. Mukafika mu Chipata gulani simu ya MTN, Airtel kapena Zamtel. Amalembetsa ndi pasipoti. Chaja ya m'galimoto isaiwalike. Lembaninso papepala mayina a matauni motsatana, adiresi ya komwe mukagone ndi nambala ya foni ya kumeneko. Foni imagwa, imatha moto, mwana amaithira sobo, koma pepala limakhalapobe.

Ndipo mugwirizane musananyamuke kuti woyendetsa sagwira foni. Wokhala pambali ndiye woona mapu, ndipo azinena msanga kuti "tikadutsa filing'i siteshoni ikubwerayo tikhotere kumanja," osati kukuwa mutafika kale pamphambano.

4. Pa boda ya Mwami

Kuchokera pa Boma kufika pa malire ndi makilomita pafupifupi 12. Kuyambira mu Disembala 2022, pamene atsogoleri a mayiko awiriwa pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, anatsegulira malo atsopano, boda ya Mchinji ndi Mwami inakhala yoima kamodzi. Tanthauzo lake n'loti maofesala a mayiko onse awiri mumawapeza malo amodzi, simuimanso kawiri ngati kale.

Fikani m'mamawa. Yambani ndi a Immigration, banja lonse lionekere, mapasipoti adindidwe kutuluka ndi kulowa. Musanachoke pawindo, tsegulani pasipoti muone masiku omwe akupatsani. Kenako galimoto: a MRA akupatsani chikalata choitulutsira kwa kanthawi, a ZRA, omwe ndi a misonkho a ku Zambia, akupatsani choilowetsera kwa kanthawi. Pali zolipira za galimoto yakunja monga msonkho wa utsi womwe amati carbon tax, womwe umatengera kukula kwa injini, ndalama ya msewu, ndi ya khonsolo. Mitengo yake imasintha, choncho funsani sabata yomwe mukunyamukayo. Lipirani pawindo lenileni, landirani lisiti pa chilichonse, ndipo malisitiwo alowe m'envelopu ija chifukwa adzafunidwa kutsogolo. Wina wosavala yunifomu akadzipereka kuti akuyendetsereni mapepala, mukanireni mwaulemu. Pasipoti ndi bulu buku zisachoke m'manja mwanu kupita kwa munthu yemwe simukumudziwa.

Ana amatopa ndi mizere. Atengereni madzi ndi tokhwasula, ndipo wamkulu mmodzi akhale nawo pamene wina akuyenda ndi mapepala.

5. Mu Chipata

Kuchoka pa boda ndi mtunda wongopitirira pang'ono makilomita 20. Chipata ndi tauni ya njinga, zakapalasa ndi zamoto zomwe, ndipo zimatulukira paliponse, choncho yendani pang'onopang'ono. Thirani mafuta thanki idzaze, gulani simu, gulani madzi. Ngati ulendo wanu ndi wokaonetsa ana nyama ku South Luangwa, apa ndi pamene mumasiyana ndi msewu wa ku Lusaka n'kulowera wa ku Mfuwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130. Kumeneko njovu zimawoloka msewu ngakhale kunja kwa paki. Mukazipeza imani patali, osaliza hutala, osatsika, zidikireni zidutse.

6. Great East Road, ndi chifukwa chake muyenera kuyenda dzuwa likadalipo

Kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Matauni ake motsatana ndi Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, kenako mlatho wa Luangwa, Rufunsa, Chongwe, n'kulowa mu Lusaka. Chigawo choyamba n'chosavuta, ngakhale pa malo a malonda pali mahampu ndi anthu ambiri. Ngati mukuyenda kumapeto kwa Ogasiti, dziwani kuti Loweruka lomaliza la mweziwo ndi la Kulamba, ndipo msewu wa cha ku Katete umadzaza. Kumapeto kwa Febuluwale nako kumakhala mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni, kufupi ndi Chipata. M'njiramu mulinso ma toll gate, ngati athu a pa Chingeni ndi pa Kalinyeke, ndiye ndalama zing'onozing'ono zija zikhale pafupi.

Mukadutsa Nyimba msewu umasintha. Mumalowa m'mapiri, makona amatsatana, zitunda ndi zotsetsereka zimatalika, midzi imatalikirana, ndipo malo othirira mafuta amasowa kwa mtunda wautali. Musadutse Petauke kapena Nyimba thanki ili pakati.

Ife tinalakwitsa pomwepa. Tinafika mochedwa pa boda, tinadya nkhomaliro mu Chipata mosafulumira, ndipo mdima unatipeza tili m'mapiri amenewa. Pa kona ina nyali zanga zinaunika nthambi za mitengo zitayalidwa pa tala. Ndinaponda buleki, ndipo nditangokhota ndinaona thiraki yofa itaima theka mumsewu, yopanda nyali ngakhale imodzi. Ndinaizemba, koma manja ankanjenjemera pa chiwongolero. Mwana wathu wamng'ono anadzidzimuka kutulo n'kufunsa kuti, "Adadi, tafika?" Mayi ake anangondigwira paphewa n'kunena motsitsa mawu kuti, "Abambo, pomwe tipeze malo ogona tiime. Lusaka sathawa." Tinagonadi m'njira usiku umenewo. Kuyambira pamenepo ndikaona nthambi pamsewu ndimachepetsa liwiro nthawi yomweyo, chifukwa ndi mmene madalaivala amachenjezera kuti kutsogolo kwafa galimoto.

Choncho ngati muli ndi ana, gawani ulendowu pawiri. Wolokani boda tsiku loyamba, mugone ku Chipata kapena ku Petauke, mawa lake munyamuke mbandakucha kuti mapiri muwadutse kukuwala. Musapitirire thiraki pa kona kapena pa chitunda ngakhale ikukwawa chotani. Potsetsereka gwiritsani giya yotsika kuti mabuleki asatenthe. Imani pakatha maola awiri alionse, ana awongole miyendo, inunso musukusule.

Pa mlatho wa Luangwa, womwe unamangidwa mu 1968, pali asilikali ndi apolisi. Ndi wokongola ndipo ana adzafuna kujambula, koma funsani kaye. Chapafupi pali msika wa nsomba zouma ndi madengu, malo abwino opumira. Kuchoka apo kwatsala makilomita pafupifupi 230.

7. Mukaimitsidwa

Malodibuloko alipo, ndipo nambala ya Malawi imaoneka patali. Chepetsani liwiro, tsitsani galasi, zimitsani wayilesi, perekani moni. "Muli bwanji, bwana" imamveka bwino lomwe, ndipo masana mudzamva akukuyankhani kuti "mwachoma bwanji," omwe ndi "mwaswera bwanji" wa kumeneko. Perekani chomwe apempha. Liwiro tsatirani la pa zikwangwani, makamaka polowa m'matauni, chifukwa apolisi ndi a RTSA, bungwe loona za pamsewu ku Zambia, amakhala ndi makina oyezera. Ngati mwalakwadi, lipirani chindapusa mwa lamulo ndipo mulandire lisiti. Za "kugula fanta" zisiyeni, ana akumbuyowo akuona.

Mukasokera, imani pa filing'i siteshoni kapena pa sitolo mufunse. Kumeneko galimoto amati motoka, ndipo cha ku Petauke mudzamva Chinsenga, koma mudzamvana.

8. Kulowa mu Lusaka

Yemwe anazolowera msewu wa M12 ndi tauni ya Lilongwe, Lusaka amamuzunguza mutu tsiku loyamba. Mukadutsa Chongwe ndi mphambano yopita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, galimoto zimachuluka, misewu imakhala ya mizere ingapo, ndipo pali maraundabauti akuluakulu ndi milatho yodutsa pamwamba. Pewani kulowa nthawi yomwe anthu akuweruka kuntchito. Pa raundabauti lamulo ndi lomwe lija la kwathu, wochokera kumanja ndiye woyamba. Sankhani mzere wanu kukadali kutali. Mukaphonya pokhotera musaime pakati pa msewu kapena kubwerera chambuyo, pitirirani, mapu akupezerani njira ina. Maminibasi amaima mwadzidzidzi, ndiye asiyireni mpata. Pamzere wa galimoto tsekani zitseko, zikwama ndi mafoni zisaonekere pawindo, ndipo pogona sankhani malo okhala ndi mpanda ndi mlonda.

9. Pobwerera

Onani tsiku lomwe chikalata cha galimoto, inshuwalansi ndi masiku a m'pasipoti zikuthera, ndipo mubwerere zisanathe. Pa boda bwezani chikalata cha ZRA kuti alembe kuti galimoto yatuluka, apo ayi idzaonekabe ngati ili m'dziko lawo ndipo mudzavutika ulendo wina. Cha MRA nachonso chitsekedwe. Zomwe mwagula ku Lusaka kapena ku Chipata, kaya ndi zitenje, nsapato za ana kapena zipangizo za kukhitchini, sungani malisiti ake ndipo muzinene kwa a kasitomu akakufunsani. Kwacha ya ku Zambia yotsala thirirani mafuta mu Chipata musanalowere ku Mwami.