Mmene ndinapulumutsira dimba langa ku dzuwa la Okutobala

Okutobala uno wandivuta kwambiri abale, dzuwa lake loti ukathirira mmawa pofika 11 koloko dothi lauma gwa ngati sunathire kanthu. Repu ndi mpiru zimangofota, matimati maluwa kumangoyoyoka, ndipo pachitsime chathu cha kudambo madzi anatsika moti ndimachita kudikira kuti asonkhane kaye ndisanatunge. Makheni 12 mmawa 12 madzulo, msana kuwawa.

Ndiye ndinaganiza zophimbira mabedi onse. Ndinatenga udzu wouma womwe unatsala pofolera khola ndi mapesi a chimanga oduladula, ndinathirira kaye mpaka madzi kulowa pansi bwinobwino kenako nkuyala, kukhuthala kwake ngati zala zinayi. Pamenepa mpofunika kwambiri, mukaphimbira dothi louma madzi ochepa aja amangothera mu udzu osafika ku mizu. Komanso udzu usakhudze tsinde, ine ndimasiya kampata kuzungulira mbewu iliyonse apo ayi imawola.

Pomwe ndinalakwitsa ndi poyala udzu wina wokhala ndi njere, patangotha masabata awiri bedi limodzi lonse linamera tchire ndinachita kuzula ndi manja. Chiswe nachonso chinabwera chifukwa cha mapesi aja, ndinawachotsa pafupi ndi matimati nkuwazapo phulusa la pamoto ndipo chachepa ndithu.

Pano ndimathirira madzulo okha, nthawi zina kudumpha tsiku, ndimangopisa chala pansi pa udzu ndikamva chinyezi basi ndimasiya. Repu wadzuka, masamba ake aakulu obiriwira moti Loweruka lapitali ndinakagulitsako mpukutu umodzi pamsika.