Kukadya nokha ku Nampula musakudziwa Chipwitikizi

Abale a kuno ku Mangochi amene mumadutsa pa Chiponde kulowa ku Mozambique, ku Mandimba Chiyao chimakuthandizani, koma mukapitirira Cuamba kulowera ku Nampula, ndi Chimakua ndi Chipwitikizi basi.

Njala ikakupwetekani, musavutike ndi pepala la mayina a zakudya. Lowani pamene padzaza madalaivala ndi amayi a pamsika, pemphani ndi manja kuti akuvundukulireni mapoto, kenaka lozani. Nsima iliko, nkhuku yowotcha nayonso, kungoti tsabola wawo ndi woopsa, yambani mwalawa. Matapa ndi chigwada chotendera chothira kokonati, koma nthawi zina amaikamo nkhanu. Asilamu, sungani mawu akuti porco, ndiyo nkhumba. Mukawatchula n'kupukusa mutu amamva.

Mtengo mugwirizane musanasambe m'manja. Apatseni foni alembe okha nambala ya ma metical, chifukwa kukangana mbale itatha kale, chilankhulo musakuchidziwa, mumaluza ndinu. Khalani ndi ndalama zing'onozing'ono m'thumba lapadera.

Poti muli nokha, chikwama chikhale pamiyendo ndithu. Chipwitikizi cha pa Google Translate chipangiretuni dawunilodi muli ku Namwera, netiweki ya kwathu isanathawe.