Mmene mungatsogolere gulu lowerenga buku lonena za nkhanza za atsamunda

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito kuno ku Ulongué, m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo Lamlungu masana ndimatsogolera kagulu kowerenga mabuku. Muli ana a sukulu ya sekondale, amayi ogulitsa mbatata ya kachewere pamsika, ndi agogo angapo amene anaona ulamuliro wa Apwitikizi ndi maso awo. Anzanga a ku Tsangano ndi ku Zóbuè akhala akundifunsa mmene angachitire akafuna kuwerenga ndi anthu buku la nkhani yopeka yonena za tsankho la khungu ndi nkhanza za nthawi ija. Ndikulemba zimene ndaona kuti zimathandiza.

Yambani mwaliwerenga nokha bukulo mpaka tsamba lomaliza, pensulo ili m'manja. Chongani paliponse pamene munthu akumenyedwa, kuphedwa kapena kugwiriridwa, kuti malo amenewo asakudzidzimutseni muli pamaso pa anthu. Mabuku otere ambiri ali m'Chipwitikizi, ndiye muziwerenga ndime imodzi mmene inalembedwera kenako n'kuifotokoza m'Chichewa. Pofotokozapo musachepetse ululu wake pofuna kusangalatsa anthu, komanso musathire mchere wanu. Achinyamata akumva zilankhulo zonse ziwiri, ndipo akaona kuti mwasintha sadzakukhulupiriraninso.

Ife tinawerenga O Alegre Canto da Perdiz la Paulina Chiziane, limene linatuluka mu 2008. Nkhani yake imachitikira ku Zambézia. Muli mayi wakuda amene akulakalaka moyo wa azungu ndi ana oyererapo khungu, ndi mwamuna wake amene akusanduka sipayi, wapolisi wakuda wa boma la atsamunda, n'kumazunza anthu a mtundu wake. Ndalitchula chifukwa ndi limene linandionetsa bwino kumene mkwiyo wa owerenga umakathera.

Musanatsegule bukulo, tsiku loyamba lonse likhale lofotokoza mbiri yeniyeni, mwachidule komanso mosakokomeza. Auzeni kuti mpaka mu 1961 lamulo la Apwitikizi linkagawa anthu. Munthu wakuda wamba ankatchedwa indígena, ankayenda ndi kabuku ka chiphaso, ankakhoma msonkho, ndipo akapezeka kuti sali pa ntchito yolipidwa ankatengedwa kukagwira chibalo, kawirikawiri miyezi isanu ndi umodzi. Wofuna kutuluka m'gulu limeneli n'kukhala assimilado ankayenera kulankhula ndi kulemba Chipwitikizi, n'kusonyeza kuti wasiya miyambo ya makolo ake, ndipo amene anafikapo anali ochepa kwambiri. Kuyambira mu 1938 anthu a m'madera ambiri ankakakamizidwa kulima thonje n'kuligulitsa pamtengo woikidwa ndi boma. Wolephera ankamenyedwa m'zikhato ndi kathabwa kotchedwa mbalamatodya ku posto, ofesi ya boma ya m'deralo. N'chifukwa chake amuna ambiri a kuno ankathawira ku Nyasaland, kumafamu a ku Rhodesia ndi kumigodi ya ku Joni. Anthu akadziwiratu zimenezi, sataya nthawi kukangana ngati wolembayo wanama.

Komabe wokayika sasowa. Nthawi zambiri amakhala mnyamata wophunzira bwino amene amati, “Aphunzitsi, izi n'zongopeka kuti buku ligulidwe.” Musamuchititse manyazi, funso lake ndi labwino. Muuzeni kuti anthu a m'bukumo ndi opekadi, koma zoterezo zinkachitika, ndipo umboni uli m'chigawo chathu chomwechi. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Apwitikizi anapha anthu ku Wiriyamu ndi m'midzi yoyandikana nayo monga Chaworha ndi Juawu, kum'mwera kwa mzinda wa Tete. Kafukufuku wa katswiri wa mbiri Mustafah Dhada anapeza kuti anafa anali osachepera 385. Ansembe ndi masisitere a m'derali anasonkhanitsa mawu a opulumuka, ndipo bambo Adrian Hastings anaulutsa nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times ku London pa 10 Julayi 1973, mtsogoleri wa boma la Portugal, Marcelo Caetano, atatsala pang'ono kufika kumeneko. Boma la Portugal linakana. Panapita zaka pafupifupi 50 kuti nduna yaikulu ya dzikolo pa nthawiyo, António Costa, ipepese ku Maputo mu Seputembala 2022. Mukamufotokozera zimenezi, mnyamata uja amaona yekha kuti kukana nkhanza kunayamba kalekale, ndipo anayambitsa ndi ochita nkhanzawo.

Palinso ena amene amatenga tsamba lililonse ngati chikalata cha kukhoti. Awa muziwaletsanso mofatsa. Wolemba amaphatikiza zochitika zambiri n'kuzisenzetsa munthu mmodzi, amapeka zimene anthu ankalankhula m'nyumba usiku. Ine ndimalemba mafunso awiri pabolodi: “Kodi izi zinachitikadi?” ndi “Kodi zoterezi zinkachitika?” Buku la nkhani yopeka limayankha lachiwirilo.

Tsopano ndifike pa chimene ndimaopa kwambiri, chimene atsogoleri ambiri sachiyembekezera. Mukawerenga za munthu womangidwa manja akumenyedwa, anthu amapsa mtima, ndipo n'koyenera kutero. Koma Mpwitikizi amene analamula zimenezo mulibe m'chipindamo. Anapita mu 1975, mwinanso anafa kale. Mkwiyo uja umayenda ngati madzi a mvula pa phiri la Dómuè, umatsikira kwa amene ali m'munsi. Amene ali m'munsiwo ndi mdzukulu wa sipayi, mdzukulu wa mfumu imene inkapereka mayina a amuna opita ku chibalo, mwana wa bambo amene anavala yunifolomu ya asilikali a Apwitikizi, kapena mtsikana woyera khungu amene agogo ake aakazi anabereka mwana wa mzungu mosafuna. M'midzi mwathu aliyense amadziwa mbiri ya banja la mnzake. Sipafunika ngakhale kutchula dzina, kungotembenuza mutu n'kuyang'ana munthu kwakwana.

Ndinaziona tsiku limene tinafika pamene mwamuna wa m'buku lija anayamba usipayi. Mayi wina anati, “Ngati agogo ake a uje aja,” maso ali kwa mtsikana wa sekondale amene anakhala pafupi ndi khomo. Mtsikanayo anawerama n'kuyamba kupinda ngodya ya kope lake, kupinda n'kutambasula, mpaka pepala linang'ambika. Sanalakwe chilichonse. Anabadwa nkhondo zonse zitatha.

Choncho ikani lamulo tsiku loyamba, anthu asanapse mtima, ndipo aliyense avomere ndi pakamwa pake: m'gulu muno sititchula banja la munthu wa m'dera lino, kaya mwachindunji kaya mophiphiritsa. Wina akaliswa, muimitseni pomwepo mwaulemu. “Mayi, tiyeni tikhale pa munthu wa m'bukuyu, ndi amene tabwera kudzakambirana.” Kenako funsani gulu lonse funso limene limabwezera nkhani kwa mwini wake: ndani anampatsa sipayiyo ndodo, ndani ankamulipira, ndipo akanakana chikanamuchitikira n'chiyani? Mfumu yosapereka anthu inkachotsedwa kapena kumenyedwa pamaso pa anthu ake. Anyamata ambiri analowa usilikali mochita kugwidwa. Nkhondo yomenyera ufulu itafika ku Tete mu 1968, anthu anasamutsidwira m'midzi yolonderedwa, ndipo ena mwa olonderawo anali ana a m'midzi momwemo. Sindikunena kuti sipayi wankhanza analibe mlandu. Analipo ena amene ankamenya mopitirira zimene anatumidwa, ndipo akuluakulu amawakumbukira. Koma ulamuliro uja unakonzedwa dala kuti dzanja lomenya likhale lakuda, ndipo owerenga akapanda kuona zimenezi amatuluka m'chipinda atadana okhaokha.

Agogo musawakakamize kulankhula. Achinyamata amakonda kunena kuti, “Agogo, tiuzeni, inu munaliko.” Ena amafunadi kufotokoza, ena anakhala chete zaka 50 pa zifukwa zawo. Apiteni kunyumba pakati pa sabata, muwauze chimene chili m'mutu wotsatira, muwafunse ngati angakonde kunenapo kanthu kapena kungomvetsera, kapenanso kujomba tsikulo. Akayamba kulankhula, tsekani buku. Musayang'ane wotchi. Akalira, musathamangire kunena kuti “pepani, zinapita kale,” chifukwa mawu amenewo amatseka pakamwa. Apatseni madzi, dikirani, ndipo akamaliza athokozeni. Agogo ena aamuna anangotambasula zikhato zawo n'kunena kuti atachoka ku posto anatha sabata akudyetsedwa nsima ndi mlongo wawo, popeza manja anali otupa osatha kutema mbamu. Tsiku limenelo sitinawerengenso.

Mitu yonena za kugwiriridwa kwa amayi ndi bwino amayi aiwerenge paokha, motsogoleredwa ndi mayi mnzawo wolemekezeka. Pamaso pa apongozi kapena ana aamuna palibe amene angatsegule pakamwa. Ana aang'ono asakhalepo.

Wina akaseka pamalo owawa, musamukalipire. Nthawi zambiri ndi mantha kapena manyazi.

Achinyamata ena amafika ponena kuti azungu onse ndi amodzi. Akumbutseni kuti pakati pa amene anaulula za Wiriyamu panali ansembe a ku Spain, ndipo amene anazifikitsa ku London anali Mngelezi. Koma musagwiritse ntchito mfundo imeneyi pozimitsa mkwiyo wawo, ngati kuti azungu abwino ochepa afafaniza chibalo. Mkwiyowo upatseni ntchito. Ife timapempha wachinyamata aliyense kuti akapemphe chilolezo kwa wamkulu mmodzi wa kwawo, akhale naye pansi, alembe m'kope zimene akukumbukira za msonkho, za chiphaso, za ulendo wa ku Rhodesia, m'Chichewa chomwe wamkuluyo walankhulira. Mayina a anthu ena asalembedwe. Makope amenewa timawasunga, ndipo amawerengedwa pagulu pokhapokha mwini mawu atavomera.

Chenjeraninso ndi nkhani ikayamba kutsetserekera ku nkhondo ya zaka 16 imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Kuno ku Angónia ambiri tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, mabala ake ndi aposachedwa, ndipo ikangoyamba imasanduka mkangano wa zipani. Nenani poyera kuti nkhani imeneyo ndi yaikulu ndipo ikufunika tsiku lake ndi buku lake, kenako bwererani pa tsamba lanu. Amene amati “zakale zisiyeni” nawonso apatseni mpata afotokoze chifukwa chake, popeza kawirikawiri ndi amene anaona zambiri.

Musawerenge masamba ochuluka tsiku limodzi. Mutu umodzi ndi wokwanira, ndipo theka la nthawi likhale lokambirana. Musatsekere pa ndime ya imfa anthu n'kubalalika nayo kumka kwawo. Werengani pang'ono kupitirira pamenepo, kapena funsani aliyense chimene akuganiza kuti chichitika m'mutu wotsatira. Lembani m'kope lanu amene abwera. Munthu amene anakhudzidwa kwambiri akapanda kuoneka Lamlungu lotsatira, pitani kwawo mkati mwa sabata yomweyo, nokha, osatenga buku. Mtsikana wa pakhomo uja ndinakamupeza akuthandiza amayi ake kusankha nyemba, ndipo ndinayamba ndalankhula ndi amayiwo. Mayi amene anamuyang'ana uja ndinakawaonanso padera. Mtsikanayo anabwerera patapita masabata angapo, ndipo tsopano ndi amene amawerenga ndime za Chipwitikizi ine ndikamafotokoza m'Chichewa.