Kukasewera ntchemberembaye ku Griffin Saenda koyamba

Aphunzitsi anzanga a kuno ku Mulanje, timu yanu ikaitanidwa ku Griffin Saenda ku Lilongwe, yambani ndi nsapato. Nyumba yamasewerayi ili ku Area 48, pafupi ndi Bingu Stadium. Inamangidwa pokonzekera masewera a achinyamata a Region 5 (maiko a kum'mwera kwa Africa) a mu December 2022, ndipo dzinalo ndi la malemu mphunzitsi wa ma Queens, timu ya dziko lino ya ntchemberembaye. Pansi pake ndi posalala, fumbi mulibe, ndiye mwana wathu wozolowera phazi lopanda kanthu amatuluka matuza gawo loyamba lisanathe.

Pitani pa kaunjika ku Chitakale kapena ku Limbe. Za mtundu musalabadire. Itembenuzeni nsapatoyo, muitsinde ndi chala kunsi: ikhale ya mphira wofewa, mizere yake isanafufutike. Aivale sabata ziwiri asananyamuke kuti iphunzire phazi, ndipo akaipukute dothi lathu lofiirali asanalowe m'bwalo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi mawondo. Pafumbi mtsikana akatera amatsetsereka pang'ono, woimbira kherere osaona. Mkati muja phazi limangoti nji pomwe lagwera, thupi lonse n'kutsamira bondo. Pemphani holo ya pasukulu, asese bwino simenti, azidumpha ndi kutera mawondo atapinda. Pang'onopang'ono, simenti nayo siseka ndi munthu.

Ogoletsa athu anazolowera kuponya mokhotetsa pothawa mphepo ya chiperoni. Kumeneko mphepo kulibe, aponye molunjika basi. Yezaninso mtengo wanu wa chigoli ngati ukufika mamita 3.05, chifukwa yambiri ya bulugamu ija tinangoizika mwa diso.

Phokoso la ochemerera limabwerera m'denga, moti ngakhale mukuwe bwanji, wosewera wapakati sakumvani. Gwirizanani zizindikiro za manja muli konkuno.

Ulendo ndi wautali, Limbe, Wenela, Zalewa, Ntcheu, Dedza, choncho nyamukani dzulo lake kuti miyendo ikagone. Za chiwaya cha m'njira akadye pobwerera. Zikhadabo awenge usiku womwewo, ndolo asiye m'chikwama, chifukwa oimbira amayendera dzanja lililonse masewera asanayambe.